Manati a Kumanzere

"Ine galimoto sindichita kuitsegula ayi. Ndimangoimva kulira kwake, basi, matenda ndawadziwa."

Mawuwa ankachokera pamwamba pa chulu, pomwe a Felix Chimphonda, manijala wa esiteti ina ya fodya ku Chiosya, anakwera kuti matenanti awo awamve bwino. Insipekitala Consolata Sakala anali atagwada kuseri kwa lole, ndipo sanadzutse mutu. M'zaka makumi awiri ndi zitatu za upolisi anali atakumana ndi anthu ambiri odziwa zonse, ndipo ochuluka mwa iwo ankayankhulira pa chulu.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Juni, nthawi ili 7:40 m'mawa. Lole ya matani atatu, yodzaza mabelo a fodya opita ku okushoni, inali itagonera m'ngalande ya kumanzere kwa msewu wafumbi, makilomita anayi kuchokera pa esiteti. Tayala lake lakutsogolo la kumanzere linali lokhalokha m'munda wa mtedza. Dalaivala, a Kefasi Mwale, bambo wa zaka 58, anali atawerama pa chiwongolero, atauma kale. Mayi wina wopita kuchigayo ndiye anawapeza cha m'ma 6:30.

Consolata anayang'ana mtembo kawiri. Munthu wogwa ndi galimoto m'ngalande amamenyetsa chipumi. Bala la a Kefasi linali kunkhongo.

Anapita m'munda muja n'kutembenuza tayala. Mabowo asanu a limu, chitsulo cha pakati pa tayala, anali obulungira bwinobwino, osadyeka. Pa lolepo, mabawuti onse asanu ogwira tayala anali ataduka, modukamo mukunyezimira.

Konsitabulo Joe Njobvu anafika akupuma mwawefuwefu, chipewa chili m'manja ngati mbale ya chopereka.

"Madamu, manati ndapeza anayi. Yachisanu palibe."

"Wawapeza kuti?"

"Kubwerera cha ku esiteti. Onse mbali ya kumanja kwa msewu."

"Tayalali ndi la kumanzere."

"N'zimene ndikuganiza nanenso, madamu."

"Uziganiza chamumtima."

M'nati iliyonse munali mutatsalira chiduswa cha bawuti. Pamwamba pake panali kamzere kofiira, ngati ka utoto. Consolata anawakulunga mu kampango n'kuwaika m'thumba.

A manijala anatsika pa chulu akutsimphina. Anali munthu wonenepa, wa jekete la buluu, makiyi akulendewera pa lamba ngati a woyang'anira ndende.

"Mwendo wavuta, bwana?"

"Gauti imeneyi, mayi. Nthenda ya nyama yofiira. Dokotala wanga wa ku Lilongwe wandiletsa, koma mukudziwa, udindo umabwera ndi maphwando." Anapukuta thukuta. "Musavutike kufufuza. Dzulo lomweli loleyi inali kwa Saidu ku Boma, kukasintha mabawuti a tayala lomwelo. Ndinamuuza Kefasi kuti amakaniko a pansi pa mtengo adzatiphetsa. Lero ndi izi."

"Inu munali kuti m'mawa uno?"

"Muofesi kuyambira 5 koloko. Loleyi ndaitulutsa ndekha pa geti 5:30. Sindinasunthe mpaka kumva uthenga."

Dzina la Saidu analitchula mokweza, kawiri. Consolata atacheuka anaona kuti gulu la matenanti lachepa. Njinga zamoto zitatu zinali zikutha m'fumbi, kuloza ku Boma.

"Joe, tsala ndi mtembo mpaka ambulansi ibwere. Loleyi ikokedwe ipite kupolisi."

Kagalimoto kake, komwe anagula kalekale kwa mphunzitsi wopuma pantchito, sikanathamangepo chotero chibadwire.

Anafika kuseri kwa msika wa pa Boma 10:15. Pa shedi ya Che Saidu panali anthu opitirira makumi asanu. Wina ananyamula tayala lakutha, wina botolo la petulo. Che Saidu, mkulu wowonda wa ndevu zaimvi, anali atatsamira khoma, mlomo ukutuluka magazi. Chisoti chawo choyera chinali pansi, chitapondedwa. Patsogolo pa gulu panali mayi womanga chitenje m'mimba, akulira mosatulutsa misozi.

"Anandiphera mwamuna! Zitsulo zake zabodza!"

Consolata anadutsa pakati pa anthu mosathamanga. Anatulutsa unyolo, naukweza m'mwamba kuti aliyense auone.

"Munthuyu ndi wa boma tsopano. Womukhudza wakhudza boma. Iwe wa petulo, dzina lako ndani?"

Botolo lija linazimiririka kuseri kwa anthu.

Unyolo utatsekeka, Che Saidu anayankhula motsitsa.

"Amayi, zaka makumi atatu ndili pano. Mukunditenga anthu akuona. Mudzandibweze anthu akuona."

"Ndamva."

"Kumva n'kwina. Ndikufuna mulonjeze."

Consolata sankakonda kulonjeza, makamaka kwa munthu yemwe mwina wapha mnzake. Koma gulu linali likuyandikiranso.

"Ndalonjeza. Tiyeni."

Kuwafunsa kunayamba 11:30, m'kachipinda ka tebulo limodzi ndi mipando iwiri, umodzi wolimba, wina wa oganiziridwa milandu.

"Anthu akuti dzulo munakangana ndi malemu."

"Tinakangana."

"Mukuvomera?"

"Takhala tikukangana zaka khumi ndi zisanu. Kefasi akabwera osakangana nane ndimadziwa kuti akudwala."

"Dzulo inali nkhani yanji?"

"Girisi. Amafuna ndipake girisi pa mabawuti atsopano kuti asadzavute kumasula. Ndinakana. Bawuti ya tayala imamangidwa youma. Anandinena kuti ndine wouma mutu, ine ndinamunena kuti ndi dalaivala wa ngolo. Kenako tinamwa tiyi."

"Munasinthiranji mabawuti?"

"Awiri anali atadyeka. Ine sindisintha awiri n'kusiya atatu okalamba. Ndinachotsa tayala, ndinakhoma akale onse kutulukira kumbuyo, ndinalowetsa atsopano, ndinamanga manati modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya, kuti limu ikhale bwino. Titatsitsa jeke ndinamanganso. Kefasi anazungulira msika, nabwerera, ndinayesanso kachitatu."

"Nanga akanakhala mabawuti achinyengo?"

"Ndiye mundimange. Koma ndiwaone kaye."

Consolata anafunyulula kampango. Che Saidu anatenga nati imodzi ndi manja omangidwawo, naiyandikiza pa zenera. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Kofiiraka ndi kanga," anatero. "Kyutekisi. Mayi a kunyumba, a Kuluthumu, amagulitsa zodzola, ndiye yomwe yauma amandipatsa. Ndikamanga, ndimajambula mzere umodzi kuchokera pa bawuti kufika pa nati. Nati ikayamba kumasuka, mzere umaduka, dalaivala amaona ndi maso. Taonani apa."

Mzere wa pa nati unali utasiyana ndi wa pa bawuti, pafupifupi theka la kuzungulira.

"Ndiye kuti inamasuka," anatero Consolata.

"Ayi, amayi. Inamangidwa. Mukuchiona chilembo ichi?" Pa nati panali L wamng'ono wodindidwa m'chitsulo. "Nati wamba mumamanga popotokolera kumanja, kumasula kumanzere. Koma malole a mtundu uwu, matayala a mbali ya kumanzere, n'zosemphana. Kumanzere n'kumanga. Munthu uyu amafuna kumasula, koma amapotokolera mmene amachitira pa galimoto yaing'ono. Ikakana, iye kuwonjezera mphamvu. Anaika paipi pa sipanala, nakwerapo. Taonani modukamu, mwapotoka ngati nzimbe. Bawuti yoduka pamsewu siduka chonchi, ndiponso imayamba yadya mabowo a limu."

"Mabowo ali bwino."

"Eya."

"Asanu onse, munthu osazindikira kuti akulakwitsa?"

"Alipo anthu oti chitsulo chikawakanira amati cholakwa ndi chitsulo."

"A Kefasi ankazidziwa izi?"

Che Saidu anaika nati pa tebulo pang'onopang'ono. 

"Kefasi ndi amene anandiphunzitsa ine."

Foni ya kuchipatala inabwera 1:10. A Kefasi anamenyedwa kamodzi kunkhongo ndi chitsulo cholemera, ndipo pomwe lole inkalowa m'ngalande n'kuti atafa kale.

Consolata anafika pa siwa 3 koloko, ku nyumba za antchito a pa esiteti. Amayi a mpingo ankaimba panja. Anapempha kuonana ndi namfedwa kuseri kwa nkhokwe. Anali mayi uja wa chitenje m'mimba, a Stelia.

"Mwam'tsekera?" anafunsa a Stelia asanakhale pansi.

"Ali m'manja mwathu. Pepani ndi zovutazi, mayi. Bambo ankayenda okha pa lole?"

"Ayi, amayenda ndi a Kondwani, opakira katundu."

"Lero anali kuti?"

Consolata anawaitanitsa. A Kondwani anali bambo wa mapewa otambalala, maso ali psuu. Consolata anawayang'ana manja. Anali manja oti akhoza kudula bawuti.

"Bwanji simunakwere lero?"

"A manijala anandiuza dzulo madzulo kuti ndipume."

"Munapempha?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikupempha, bwana, osandipatsa. Dzulo sindinapemphe."

"M'mawa munali kuti?"

"Ku Guilleme, ku Misa ya 6 koloko. Ndinati tsiku laulere ndikalionetse kwa Mulungu. Akatekisiti anandiona, anadabwa."

"Nati ya tayala la kumanzere mumamasulira kuti?"

A Kondwani anamuyang'ana ngati wawafunsa dzina la mayi awo.

"Kumanja, bwana. Nanga kuti?"

Atachoka, Consolata anatembenukira kwa a Stelia.

"Bambo anali ndi nkhawa iliyonse masiku ano?"

A Stelia anayang'ana uku ndi uku. "Sabata yonse samagona bwino. Amati Loweruka kukubwera eni esiteti, ndipo akanena zonse pamsonkhano. Akuti mabelo ena a matenanti a manijala amati ndi oola, akanidwa. Koma omwewo amawatuma kuti akawatsitse ku nyumba ina ya kumalire, kwa ogula a ku Zambia. Iwo anatopa nazo. Mchemwali wawo ndi tenanti pompano, chaka chino anamukanira mabelo atatu, ana ake asiya sukulu."

"A manijala ankadziwa kuti akanena?"

"Bambo aja sankadziwa kunong'ona."

"M'mawa uno munaona lole ikutuluka?"

"Ndimasesa pabwalo. Inatuluka, kenako patapita kanthawi inatuluka ya a manijala, yoyera ija." Anaima. Dzanja linapita pakamwa. "Mayi, kodi mukuti chiyani?"

"Sindinanene kanthu. Inunso musanene kanthu mpaka mawa."

Mawu a namfedwa okha sakanakwanira kukhoti, ndipo Consolata ankadziwa kuti Che Saidu sangawasunge mpaka kalekale. Akawatulutsa wopha asanapezeke, botolo la petulo lija lidzapeza mwini wake. Madzulo omwewo anakatenga chilolezo chofufuzira galimoto ya a manijala.

Lachitatu, 9 koloko, a Chimphonda anafika pabwalo la polisi kudzatenga mabelo awo. Anaimika galimoto yoyera ija pamthunzi, pamalo olembedwa kuti ndi a mkulu wa polisi. Lole inali pakati pa bwalo, kutsogolo itakhazikidwa pa zitsa. Che Saidu anakhala pa benchi, unyolo uli m'manja, wapolisi pambali pawo.

"Ameneyu sanapitebe kundende?" anafunsa a manijala.

"Tatsala pang'ono, bwana," anatero Consolata. "Koma tili ndi vuto. Akhoti adzafuna tifananize mabawuti oduka aja ndi a tayala lakumbuyo, mbali yomweyo. Tikufuna nati imodzi ichoke. Woganiziridwayu sitingamulole kukhudza umboni, ndipo apolisi angawa amangodziwa njinga. Ndiye ndinakumbuka zomwe munanena dzulo."

"Zoti galimoto ndimangoimva kulira? N'zoona zimenezo. Bweretsani sipanala."

Anavula jekete, napatsa wapolisi kuti awagwirire. Makiyi a galimoto yawo anawaika pa benchi. Joe anawatola mwaulemu, napita kumthunzi kuja.

A Chimphonda anakoleka sipanala pa nati ya tayala lakumbuyo la kumanzere, nakankhira kumanzere. Nati sinasunthe. Anakankhanso, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Pa benchi paja Che Saidu anatsinzina ngati munthu woona mwana wake akumenyedwa.

"Paipi," analamula a manijala. "Ili kuseri kwa mpando wa dalaivala."

Inalidi komweko. Anailowetsa ku sipanala, nakwerapo ndi mwendo wabwinowo, atagwira m'mbali mwa lole. Chitsulo chinalira.

"Mwaona? Umu ndi mmene amamangira Saidu, ngati akumanga mlatho. Akutsogolo aja analinso chonchi, munthu kukwerapo thupi lonse koma..."

Anasiyira pomwepo. 

"Pitirizani, bwana," anatero Consolata. "Analinso bwanji?"

"Ndikutanthauza kuti... mwachidziwikire."

"Tsikani. Mungadule yachisanu ndi chimodzi."

Consolata anamasula unyolo wa Che Saidu. Mkuluyo anapita pa tayala, natembenuza sipanala, nakanikizira paipi kumanja. Nati inalira kamodzi n'kuyamba kuyenda. Anaimalizitsa ndi zala, naipereka kwa Consolata, chilembo cha L chili pamwamba.

A Chimphonda anayang'ana natiyo nthawi yaitali.

"Anaimanga molakwika," anatero.

"Tiyeni m'kati. Mukapinde buluku, tione gauti."

M'kachipinda kaja anawapatsa mpando wa oganiziridwa. Pa msongolo wa kumanja panali bala lalitali lotupa, lomangidwa ndi mpango wa m'thumba.

"Gauti ya masiku ano ikumatuluka magazi?"

"Ndinagunda desiki."

"Munati simunachoke muofesi. Galimoto yanu inaoneka ikutuluka lole itangochoka."

"Ndinakayendera minda."

"A Kondwani munawapatsiranji tchuthi?"

"Ndine munthu wachifundo."

Joe anagogoda, nalowa, naika kanthu pa tebulo. Inali nati, m'kati muli chiduswa cha bawuti, pamwamba kamzere kofiira.

"Pansi pa mpando wa dalaivala m'galimoto yawo yoyera ija, madamu. Mboni ziwiri zinaona ndikuitulutsa."

Consolata anafunyulula kampango, nandandalika manati anayi aja. Yachisanu anaikankhira pamzere ndi chala chimodzi.

"Munawatola kuti asapezeke mulu umodzi. Pobwerera munkawaponya pa zenera lanu, imodziimodzi, kuti azioneka ngati anagwa m'njira. Koma zenera la dalaivala lili kumanja, bwana, ndipo pobwerera munkayenda pakati pa msewu monga mwa manijala."

Anaima kaye, naganiza, nadzikonza yekha: "Ayi. Munaponya musanatembenuke. Munapita kaye kutsogolo kukatembenukira, eti?"

"Ndinabwerera chambuyo," anatero a Chimphonda mosaganiza, ngati munthu wosapirira kumva wina akulakwitsa. "Pamenepo palibe potembenukira. Galimoto inali ikuyang'anabe kwa lole."

Atamva mawu awo omwe, mapewa anagwa. Joe anatsegula buku.

"Sindinapite kukamupha," anayamba motsitsa. "Ndinamutsatira kuti tikambirane patokha. Ndinamuimitsa ndi malaiti. Ndinamuuza kuti akhale chete Loweruka, ndimukweza akhale kapitawo wa madalaivala onse."

"Alipo angati?"

"Yekhayo. Koma ndi udindo." Anayang'ana manati aja pa tebulo. "Anandiseka. Anati, ‘Felix, ndinakunyamula pa lole iyi ukupita kusekondale, nsapato zili m'manja.’ Felix! Osati bwana. Anati akanena za mabelo pamaso pa matenanti onse. Zaka khumi ndamanga dzina pa esiteti ija. Anatembenuka kuti akwere. Sipanala inali pansi pa mpando, chitseko chili chotsegula."

"Kenako?"

"Ndinamukweza pa mpando. Ndinati ndimasule manati, tayala lichoke, anthu aziti ngozi. Ndinkadziwa kuti dzulo lake linali kwa Saidu. Koma anakana kumasuka. Anayamba kuduka. Yachitatu itaduka ndinagwa, paipi inandimenya. Ndinaliza lole, ndinaika giya, ndinatsika. Inayenda pang'ono n'kugwa."

"Ndipo munakwera pa chulu n'kutchula dzina la Che Saidu, mukudziwa zimene gulu limachita."

A Chimphonda anangofunsa ngati kundende kuli chipinda cha anthu a maudindo.

Consolata anaimitsa kagalimoto kake kuseri kwa msika 12:30, nthawi yomwe anthu amachuluka. Che Saidu anali pa mpando wakutsogolo. Consolata anatsika yekha kukawatsegulira chitseko. Anthu anayamba kusonkhana, ambiri a nkhope zadzulo zomwe. Chulu panalibe, choncho anakwera pa mulu wa matayala akutha, akudziwa bwino lomwe maganizo ake pa anthu oyankhulira pamwamba.

"Dzulo ndinawatenga bambo awa pano, inu mukuona. Lero ndawabweza, inu mukuona. Alibe mlandu. Mabawuti awo anali abwino, ntchito yawo inali yabwino, ndipo ndi iwo atithandiza kugwira amene anapha a Kefasi Mwale. Munthuyo ali m'chitokosi, wavomera. Amene anabwera ndi petulo akathire m'njinga yake."

Panalibe woombera m'manja. Anthu anayang'ana mapazi awo. Kenako gulu linapatuka, ndipo a Stelia, omwe anachoka pa siwa atamva uthenga, anadutsa ndi azimayi awiri. Anagwada pa dothi lamafuta lija. M'manja munali chisoti choyera, chochapidwa, chisanaumitsitse.

"Che Saidu, ndinakulakwirani pagulu. Ndikupepesa pagulu."

Mkuluyo analandira ndi manja awiri, navala chonyowacho.

"Dzukani, alamu. Maliro ndi mawa? Ndibwera. Ndikamuuze komaliza kuti girisi sapaka."

A Stelia anaseka, ndipo m'kuseka momwemo misozi inatuluka.

Consolata anatsika pa matayala, nakutumula siketi. "Ngongole yanga yatha, Che Saidu?"

"Yatha, amayi."

Koma maso awo anali kale pansi. Anazungulira kagalimoto kaja, naima pa tayala lakumbuyo, naligunda ndi phazi.

"Apa pali manati atatu. Pamafunika anayi."

"Ndikudziwa. Ikuyenda bwinobwino."

"Mwadziwa bwanji? Mumangoimva kulira?"

Consolata anawayang'ana, nayang'ana gulu, lomwe tsopano linali litadzutsa mitu. Anatulutsa makiyi, nawaika m'dzanja lawo.

"Bweretsani jeke," anatero.